Eyakoni ikulira koma mpweya ukutuluka wofunda, kodi gasi wathadi?

Nachisale wa ku Dedza

Mwaswera bwanji abale anga a kuno ku Joni. Ndithandizeni nzeru ndisanataye ndalama.

Ndimakhala ku Rosettenville, pa fulati ya pamwamba penipeni. Denga lake ndi la malata, siling'i yake yopyapyala. Ntchito yanga ndi yausiku, ndimasamalira agogo ena ku Linden, choncho tulo tanga ndi ta masana. Ndikatsika takisi m'mawa ndimasamba, kumwa tiyi, n'kugona cha m'ma 9 koloko, koma dzuwa likafika paliwombo chipindacho sichikhalika. Chimene chinandikopa kuti ndilowe m'nyumbayi, ngakhale lendi yake ndi yowawa, ndi eyakoni imene ndinaipeza kuchipinda. Ndi ya zigawo ziwiri ija, china chili pakhoma m'kati, china chili kunja pakhonde, chokhazikidwa pa zitsulo. Pa kapepala komatidwa m'mbali mwake palembedwa 12000 BTU, muyeso wa mphamvu yake yoziziritsa, m'munsi mwake R22, mtundu wa gasi wake. Ndi yakale ndithu, pulasitiki yake inachita kusanduka yachikasu, koma nyengo yotentha yapitayi inkandigonetsa bwino, mpaka ndinkafunda kansalu.

Miyezi yozizira yonseyi sindinaikhudze, ndimaopa mayunitsi. Ndayambanso kuiyatsa mwezi uno wa Okutobala ndipo poyamba inkazizira, ngakhale osati ngati kale. Ndiye Lachisanu lapitali kunagwa chimvula chija cha mabingu, magetsi anazima dera lonse, ndipo pobwera anayamba aphethiraphethira asanakhazikike. Eyakoniyo inali yoyaka nthawi imeneyo. Kuchokera tsiku limenelo, ndikadina rimoti imayankha, kachitseko kake kamatseguka, mpweya umatuluka wamphamvu bwinobwino, koma ndi mpweya womwewo wa m'chipinda. Ndatsitsa mpaka 16, palibe chikusintha. Madzi amene ankadontha pa kapaipi ka kunja aja nawonso asiya.

Ndinaimbira bambo wina amene nambala yake ndinaiona pa mtengo wa magetsi. Ndisanamalize n'kulongosola komwe anandidula pakamwa, ati gasi watha, ndikonze R950 abwere adzathire. Eni nyumba amakhala ku Durban, uthenga wa pa WhatsApp amauwerenga lero n'kudzayankha mkucha. R950 kwa ine si ndalama yosewera nayo, mwezi uno ndikuyenera kutumiza ya feteleza kumudzi. Kodi munthu angadziwe pa foni kuti gasi watha? Nanga pali chimene ndingaone ndekha ndisanaitane munthu?

Mjomba wa ku Mayfair

Achemwali, inu a ku Dedza mumalira msanga. Kutentha kwa Joni kumeneku n'kutentha? Bwerani ku Mangochi mwezi ngati uno mudzaone anthu akugona pakhonde mpaka mbandakucha. Kuno dzuwa likangolowa kumazizira.

Koma zoona zake, bamboyo sananame. Pa shopu imene ndimagwira ntchito, eyakoni ikayamba zimenezo abwana amangoitana mnyamata wa botolo la gasi, amathira, basi yayambanso kuzizira. Chaka chilichonse timatero ikamayamba nyengo yotentha. Mumunenerere, akhoza kutsika kufika R700.

Mayi a Mapasa

Musanapereke kalikonse yang'anani rimoti bwinobwino. Pa kagalasi pake payenera kuoneka kachizindikiro ka chipale kaja, kokhala ngati kanyenyezi ka nthambi zisanu ndi imodzi. Ngati pali kadzuwa ndiye kuti ili pa kutenthetsa, ngati pali kadontho ka madzi ikungoumitsa chinyezi, ndipo ngati pali kafani ikungozunguza mpweya. Ana amakonda kudinadina. Muonenso pa bokosi la mabureka ngati palibe imene yagwa, ndi swichi ya kunja pafupi ndi makinawo. Mafyuluta munawachapa liti?

Nachisale wa ku Dedza

Zikomo mayi. Rimoti ili pa chipale, mabatire ndi atsopano. Mabureka onse ali m'mwamba, swichi ya kunja ndi yoyatsa. Mafyuluta ndimachapa ndikamakolopa kumapeto kwa mwezi, ali mbee. Ndatuluka pakhonde kukaona, fani ya kunja ikuzungulira. Mjomba, ku Mangochi mumagona usiku, ine ndimagona dzuwa lili pamutu, pansi pa malata. Tisinthane sabata imodzi muone.

Wa Mafiriji wa ku Ntcheu

Achemwali, ndalama yanu ya feteleza isungeni kaye. Ine ntchito imeneyi ndinayambira pa mafiriji ku Limbe, pano ndimakonza ma eyakoni ndi zipinda zoziziritsira nyama cha ku Booysens kuno. Sindinawaone makina anu, ndiye sindilumbira, koma nkhani yanu sikununkha gasi.

Ndiyambe ndi amalume a ku Mayfair, ndipo mundikhululukire amalume. Gasi wa mu eyakoni sali ngati palafini wa mu nyali woti ukamayatsa amatha. Amangozungulira m'mapaipi otsekeka, kuchoka kunja kulowa m'nyumba n'kubwereranso. M'kati amayamwa kutentha kwa chipinda, kompuresa imamupanikiza, kunja amakataya kutenthako, n'kubwerera kukatenga kwina. Makina omangidwa bwino amatha zaka zambirimbiri ndi gasi yemwe anabwera naye. Ngati pa shopu panu mumathira chaka ndi chaka, ndiye kuti penapake pakutuluka, ndipo mnyamata wa botoloyo akudziwa bwino lomwe. Malo amene amatulukira kawirikawiri ndi pa manati amene amalumikiza mapaipi a kopa ku makina a kunja. Kukonza pamenepo si ntchito yaikulu, koma akakonza ndiye kuti chaka chamawa simumuitananso.

Tsono gasi wotuluka ali ndi khalidwe lake. Amapita pang'onopang'ono, kuzizira kumachepa sabata ndi sabata. Pa kapaipi kakang'ono kaja kunja pamayamba kuchita chipale choyera, nthawi zina ngakhale pa zitsulo za m'kati kuseri kwa mafyuluta. Pa manati pamaoneka mafuta ogwira fumbi lakuda, chifukwa gasi amayenda limodzi ndi mafuta a kompuresa. Zanu sizinayende choncho. Lachinayi inkazizira, Lachisanu magetsi anaphethira, Loweruka basi. Chimene chimafa tsiku limodzi motero nthawi zambiri ndi cha magetsi.

Mwanena kuti fani ya kunja ikuzungulira. Anthu ambiri amanyengedwa pamenepo. M'chibokosi cha kunjacho muli mainjini awiri, fani imene mumaiona, ndi kompuresa imene yabisika kumbali, kuseri kwa chitsulo. Fani ikhoza kuzungulira tsiku lonse kompuresa ili chigonere, ndipo popanda kompuresa gasi sayenda, kaya alimo wodzaza. Ndiye funso loyamba si lakuti gasi alimo kapena mulibe, koma lakuti kompuresa ikudzuka kapena ayi. Zimenezi mukhoza kuzidziwa nokha osamasula ngakhale sikuluwu imodzi.

Zimitsani eyakoni, mudikire pang'ono, muyatsenso pa chipale, muike 18. Tulukani pakhonde mukaime pafupi. Musafulumire kuweruza, makina amenewa amadikira dala pafupifupi mphindi 3 asanadzutse kompuresa, kuti mphamvu ya gasi ifanane mbali zonse ziwiri. Nthawiyo ikakwana tcherani khutu. Kompuresa yamoyo imalira mozama mosalekeza, ndipo mukagwira chibokosicho mumamva chikunjenjemera. Ikalira pang'ono chabe, mmmm, masekondi ochepa, kenako n'kumveka kuti thi, n'kukhala chete, ndiye patapita mphindi zingapo n'kuyesanso chimodzimodzi, dziwani kuti ikufuna kudzuka koma ikulephera. Nthawi imene ikuyesayo babu la m'nyumba limatha kuchita ngati likufuna kuzima. Kulira kwa thi kuja ndi kachitetezo kake kamene kamaidula ikatentha kwambiri.

Kenako ikani dzanja kutsogolo kwa fani ya kunja, osalowetsa zala. Eyakoni yogwira ntchito imatulutsa mpweya wotentha kuposa wa panja, chifukwa kutentha kwa chipinda chanu kumatulukira kumeneko. Ukakhala wofanana ndi mphepo ya pakhonde, palibe chikuchitika. Gwiraninso paipi yaikulu pamene yalowera m'makina, pamene palibe chokutira chakuda chija. Patatha mphindi 10 iyenera kukhala yozizira, yochita thukuta. Madzi amene mwati asiya kudontha aja akunena zomwezo. Madziwo ndi chinyezi cha m'chipinda chimene chimasanduka madontho chikakhudza zitsulo zozizira za m'kati, ndiye zitsulozo zikapanda kuzizira, madzi sangachokere kulikonse.

Njira ina, makamaka kwa amene makina awo a kunja ali pamwamba posafikika, ndi mita ya mayunitsi. Ili ndi kanyali kofiira kamene kamaphethira molingana ndi magetsi amene mukudya. Pa mamita ambiri palembedwa 1000 imp/kWh, kutanthauza kuti kakaphethira ka 1000 ndiye kuti yuniti imodzi yapita. Zimitsani giza, ketulo, sitovu, firiji, zonse. Eyakoni ya 12000 BTU ngati yanuyo, kompuresa ikamalira, imadya pafupifupi yuniti imodzi kapena kupitirira pang'ono pa ola, ndiye kanyaliko kamaphethira pafupifupi masekondi atatu alionse. Akakhala mafani okha, mudikira nthawi yaitali ndithu kuti kaphethire kamodzi.

Ikapezeka kuti ikung'ung'uza n'kudula, woyamba kumuganizira ndi kapasita. Ndi kachitini ka aluminiyamu kokhala pansi pa chivundikiro cha makina a kunja, ntchito yake ndi kukankha kompuresa kuti iyambe ndi kuithandiza kuzungulira. Pa makina a msinkhu wanuwo imakhala ya pakati pa 25 ndi 35 µF (muyeso wa kukula kwa kapasita), 450 V. Imatopa ndi zaka ndi kutentha, ndipo magetsi akabwera mwaukali pambuyo pozima, imene inali yotopa kale imatsirizika pomwepo. Nthawi ya load shedding, magetsi akuzimitsidwa mosinthanasinthana, tinasintha zambiri moti m'galimoto mwanga simusowa katoni yake. Yakufa kawirikawiri imatupa pamwamba kapena kuchucha mafuta, koma ina imafa ikuoneka yabwinobwino, mpaka uiyeze ndi mita. Fani ili ndi kakapasita kakekake kakang'ono, n'chifukwa chake yanu ikuzungulirabe.

Apa ndiye ndikupemphani, musatsegule chivundikirocho. Kapasita imasunga magetsi ngakhale mutazimitsa swichi, ndipo imaluma. Komanso ngati mwamva kung'ung'uza kuja, zimitsani pa swichi ya kunja ndipo musayatsenso mpaka munthu abwere. Nthawi iliyonse imene kompuresa ikuyesa n'kulephera imakoka magetsi ochuluka kangapo kuposa a masiku onse, ndipo mawaya a m'kati mwake amapsa pang'onopang'ono. Kapasita ndi chinthu chotsika mtengo. Kompuresa ikapsa pa makina akale a R22, ndi bwino kungogula eyakoni ina.

Ikakhala kuti kunja kuli zii, kompuresa siikuyesa n'komwe, ndiye tiyang'ane kwina, kaya waya wapsa polumikizira, kaya bolodi ya m'kati yawombedwa ndi mphenzi, kaya kachipangizo koyeza kutentha kasokonekera. Kuno ku Highveld, dera lokwera limene kuli Joni, mphenzi zimapha mabolodi ambiri. Analimata nawonso amakonda kukagona pa bolodi chifukwa pamafunda, n'kupserera pomwepo. Ikakhala kuti kompuresa ikulira bwinobwino koma paipi siikuzizira, pamenepo ndi pamene tingayambe kukamba za gasi. Ndipo mukadati mpweya ukutuluka wotentha ngati wa hita, ndikanaganizira valavu imene imatembenuza gasi pakati pa kuziziritsa ndi kutenthetsa, imene nthawi zina imakakamira mbali imodzi. Koma inu mwati ndi wofunda chabe.

Chinanso chimene chandigwira mtima ndi mawu anu akuti poyamba inkazizira koma osati ngati kale. Suzumirani kumbuyo kwa makina a kunja, kumene kuli tizitsulo topyapyala tothithikana. Mphepo ya Ogasiti kuno imanyamula fumbi lambiri, makamaka kumwera kwanuko kufupi ndi milu ya dothi la m'migodi, kuphatikizapo nthenga za nkhunda ndi maluwa a jakaranda amene akuyoyoka panopa. Zikatsekeka, kutentha kumasowa kotulukira, kompuresa imagwira ntchito ikubanika, ndipo kapasita imakalamba msanga. Anthu amachapa mafyuluta a m'kati okha, kunja amaiwalako.

Kaoneni mudzatiuze.

Mjomba wa ku Mayfair

Ha! Ndiye mnyamata uja wakhala akutidya zaka zonsezi? Ndikawauza abwana mawa, ngakhale ndalama zake si zanga. Koma achimwene, musanyoze onse a botolo, enafe tili ndi abale amene amadyera momwemo.

Wa Mafiriji wa ku Ntcheu

Amalume, botolo nanenso ndili nalo, ndipo ndimathira. Nkhani ndi ya kathiridwe. Munthu wodziwa amayamba wapeza potulukira, kaya ndi thovu la sopo pa manati, kaya ndi kachipangizo konunkhiza. Akakonza amapopera nayitrojeni n'kudikira kuti aone ngati geji ikutsika. Kenako amakoka mpweya ndi chinyezi chonse ndi pampu ya vakyumu, ndipo pomaliza amathira gasi pa sikelo, kulemera kwake kofanana ndi kumene kwalembedwa pa kapepala ka makinawo. Wobwera ndi botolo ndi geji yokha, mphindi 15 wamaliza, ameneyo wangokubwerekani kuzizira kwa miyezi yochepa.

Muonetsetsenso mtundu wa gasi. R22, R410A ndi R32 sasakanizidwa. R410A amayenda ndi mphamvu yokwera kwambiri kuposa R22 ndipo mafuta a kompuresa zake ndi osiyana. R32 amene ali m'makina ambiri atsopano amatha kuyaka, ngakhale movutikira, ndiye safuna munthu wootcherera mapaipi mwachisawawa. Kuno amene amaloledwa kugwira gasi wa mafiriji ndi ma eyakoni amakhala ndi khadi la SAQCC Gas. Kulifunsa si mwano.

Nachisale wa ku Dedza

Achimwene a ku Ntcheu, Mulungu akudalitseni. Ndachita monga munanenera. Nditadikira mphindi zija ndamva mmmm, babu la m'bafa lachita ngati likukomoka, kenako thi. Patapita kanthawi yayesanso chimodzimodzi. Mpweya wa fani ya kunja ndi wozizira ngati mphepo wamba, mapaipi onse awiri ali chimodzimodzi ndi khoma, palibe chipale, palibe mafuta pa manati. Kanyali ka pa mita kamathamanga nthawi ya mmmm yokhayo, kenako kamagona. Ndazimitsa pa swichi ya kunja.

Kumbuyo kwake ndasuzumira ndi tochi ya foni. Tizitsulo tija sitikuoneka n'komwe, pali chikhungu cha fumbi ndi nthenga, chifukwa nkhunda za pa fulati pano zinapanga pamenepo kukhala kwawo. Kodi pamenepo ndingatsuke ndekha? Ndipo funso lina, makinawa si anga. Wolipira ndani, ine kapena eni nyumba?

Mayi a Mapasa

Limenelo ndiyankhe ine, chifukwa za malendi ndalimbana nazo kuyambira ndili ku Yeoville. Tengani pepala la mgwirizano wa lendi muliwerenge modekha. Ngati eyakoni munaipeza momwemo ndipo inalembedwa pa mndandanda wa zinthu za m'nyumba tsiku lolowa, kawirikawiri kukonza zowonongeka chifukwa cha kukalamba ndi udindo wa eni nyumba, pokhapokha pepalalo litanena zina. Ena amalemba kuti kuyeretsa ndi kusamalira kwa chaka ndi chaka ndi kwa wokhalamo, ndiye muone bwino pamenepo.

Chimene ndikuletsani ndi ichi: musakonzetse mwakachetechete n'kudzadula ndalamayo pa lendi. Mukatero, pa mabuku awo mumaoneka ngati munthu amene sanamalize kulipira, ndipo ife alendo m'dziko la eni sitifuna dzina limenelo. Alembereni uthenga, mujambule kavidiyo ka kulira kuja, mutumize ndi mtengo umene mmisiri wanena, ndipo muwafunse mwachindunji ngati akuvomera kuti mulipire inu n'kudzachotsa pa lendi. Akayankha kuti inde, uthengawo muusunge. Mawu a pa foni amauluka.

Zikavuta, kuli Rental Housing Tribunal ya Gauteng, imene inakhazikitsidwa ndi lamulo la Rental Housing Act la 1999. Imamva madandaulo a pakati pa eni nyumba ndi alendi, ndipo salipiritsa. Koma pa kanthu kakang'ono ngati aka sindikuona kuti mungafike kumeneko, eni nyumba ambiri amasangalala akamva kuti si makina onse afa.

Mmisiri akabwera akupatseni lisiti lolembapo chimene wasintha. Lamulo la Consumer Protection Act la 2008 limati chipangizo chimene chaikidwa pokonza, pamodzi ndi ntchito yochiikayo, zili ndi chitsimikizo cha miyezi itatu. Popanda pepala mukadandaula ndi chiyani?

Wa Mafiriji wa ku Ntcheu

Mayi anena zonse za malamulo, ine ndiwonjezere za fumbi. Mungatsuke, koma swichi ya kunja ikhale yozimitsa ndi bureka yake yomwe. Yambani ndi burashi yofewa, ngakhale ya penti, muzitsitsa kuchoka m'mwamba kupita m'munsi motsata tizitsulo, osati chopingasa, chifukwa timapindika msanga ndipo timacheka zala. Valani kansalu kumphuno, zitosi zouma za nkhunda si zabwino kuzipuma. Kenako madzi a mu botolo lopopera kapena paipi yopanda mphamvu, osalozetsa kumbali kumene kuli mawaya. Makina opopera madzi mwamphamvu a kotsukira galimoto aja ayi, amagoneka tizitsulo tonse. Ngati khonde ndi lopanikiza moti muyenera kuweramira kunja kwa chitsulo chotchinga, zisiyeni, adzatsuke mmisiri.

Akabwera muwauze kuti ayeze kapasita inu mukuona, ayerekeze ndi nambala yolembedwa pa chitinicho. Yatsopano ikhale ya µF yomweyo, osati yoti ndi imene inali m'galimoto. Akaika, ayeze magetsi amene kompuresa ikukoka ndi mita yopana waya ija. Pa makina anuwo ayenera kukhala pafupi ndi nambala ya ma amp imene ili pa kapepala, nthawi zambiri 5 kapena 6. Ndikuuzeniretu kuti mtima ukhale m'malo: nthawi zina timaika kapasita yatsopano koma kompuresa n'kukanabe, chifukwa inagwirana m'kati. Poti mwaizimitsa msanga, mwayi ulipo.

Nachisale wa ku Dedza

Abale, ndabwera ndi lipoti. Eni nyumba nditawatumizira kavidiyo anayankha tsiku lomwelo, zimene sizinachitikepo. Anatumiza mmisiri wawo, bambo wachikulire wa ku Zimbabwe, khadi lake anandionetsa ndisanafunse. Atatsegula, kapasita inali yotupa pamwamba. Palembedwa 30, pa mita yake inaonetsa 4. Anaika ina, anatsuka kumbuyo konse, madzi ake anatuluka akuda bii mpaka a fulati ya pansi anatuluka kudzafunsa. Atayatsa tinadikira mphindi zija tonse tili chete, kenako inalira kulira kwake kwakale. Anaika choyezera kutentha polowera mpweya ndi potulukira, kunali 28 ndi 17, ati kusiyana kumeneko ndi kwabwino. Gasi sanathire ngakhale pang'ono, geji yake inaonetsa kuti alimo wokwanira. Lisiti lapita kwa eni nyumba, ine sindinatulutse kalikonse kupatula tiyi ndi mandasi.

Anandiuza zinthu ziwiri zimene ndikufuna mundimasulire. Ati magetsi akazima ndizithimitsa eyakoni pa swichi, ndidikire akhazikike ndisanayatse. Nanga ndikakhala ndili m'tulo kapena kuntchito? Atinso makina a R22 masiku ake akutha, eni nyumba ayambe kuganiza. Akutanthauza kuti aletsedwa?

Wa Mafiriji wa ku Ntcheu

Kusiyana kwa madigiri 11 n'kwabwino ndithu, ife timayembekezera pakati pa 8 ndi 12 kapena kupitirira pang'ono.

Za magetsi, pali kachipangizo kotetezera kamene kamaikidwa pa waya wopita ku eyakoni. Magetsi akatsika kapena kukwera mopitirira kamadula, ndipo akabwerera kamadikira mphindi zingapo kasanalole kuti adutse. N'chimodzimodzi ndi kaja timaika pa firiji, koma ka eyakoni kayenera kukhala kolimba molingana ndi ma amp ake, ndipo poti yanu ili pa swichi osati pa pulagi, aike ndi wa zamagetsi. Apempheni eni nyumba poti pano akuyankha. Pochoka kupita kuntchito muzingothimitsa pa swichi ya kunja, makamaka miyezi ino ya mabingu mpaka cha mu Malichi.

R22 sanaletsedwe kuti amene ali naye achotse makina. Nkhani yake ndi yakuti amawononga mpweya wa ozoni umene umatitchinga ku dzuwa, ndiye pansi pa pangano la Montreal la 1987 mayiko anagwirizana zomusiya pang'onopang'ono. Mayiko ngati South Africa ndi Malawi ayenera kuti pofika 2030 akhale atatsala ndi kochepa kwambiri, kongokonzera makina akale. Ndiye chaka chilichonse amasowerasowera ndipo mtengo umakwera. Yanuyo, poti siikutulutsa gasi, isiyeni igwire ntchito mpaka idzatope yokha. Tsiku limene kompuresa idzafe kapena zitsulo zidzabooke, pamenepo eni nyumba asadzataye ndalama kukonza, adzagule ya inverter, imene imadyanso mayunitsi ochepa chifukwa kompuresa yake imachepetsa liwiro m'malo mozima ndi kuyaka.

Ndipo musamaike pa 16, achemwali. Nambala imeneyo siipangitsa mpweya kutuluka wozizira kwambiri, imangouza kompuresa kuti isapume mpaka chipinda chifike pamenepo, ndipo pansi pa malata masana sichidzafika. Ikani 23 kapena 24, tsekani makatani a mbali ya dzuwa musanagone, chitseko cha kuchipinda chikhale chotseka. Nkhundazo muziikire waya wa nkhuku mozungulira, koma musiye mpata wokwanira kuti mpweya uziyenda kumbuyo ndi kutsogolo.

Mjomba wa ku Mayfair

Achimwene, abwana ndawauza. Tapita kukayang'ana kuseri kwa shopu, pa nati ya kapaipi kakang'ono pali mafuta akuda ogwira fumbi monga munanenera, ndipo ikayaka pamachita chipale. Ati ndikufunseni ngati Loweruka muli ndi mpata, mubwere ndi nayitrojeni wanuyo. Ndakulemberani kumbali.